Bwato Lothetsa Mabanja

"Kwezani maso kumanzere," anatero amuna anga akuloza ndi nkhafi. "Pamwamba penipeni pa mtengo woumawo. Mwaiona nkhwazi? Ameneyo ndiye mwini mtsinje uno, ifeyo timangochita lendi."

Alendo onse anatembenukira kumanzere. Bambo wina wa kamera yaitali ngati munsi anaikweza mothamanga mpaka kayaki yake inapendekeka. Nanenso ndinayang'ana. Panalibe nkhwazi. Panalibe ngakhale mtengo umene. Gombe lonse la pamenepo linali litagumuka ndi madzi a dzinja, ndipo pamene panali mtengo panangotsala dothi lofiira ndi mizu ya udzu ikulendewera.

"Mtengo uti, akulu?" anafunsa bambo wa kamera uja.

Amuna anga sanatsitse nkhafi msanga. Ine ndinali kumbuyo kwa onse, koma ndinaona khosi lawo likuuma.

"Yauluka kumene," ndinakuwa. "Mwachedwa nayo kamerayo, bambo. Nkhwazi sidikira kuti munthu apukute galasi."

Anthu anaseka, wa kamera anadzidzudzula yekha, ndipo za mtengo palibe anazifunsanso. Tinapitirira.

Ntchito yathu inali yoyenda ndi alendo pamtsinje kuti akaone nyama ndi mbalame. Tinkayenda pa makayaki, timabwato topepuka tapulasitiki tija toti munthu amakhala pansi atatambalala n'kumapalasa ndi nkhafi ya nsonga ziwiri. Tilibe injini, ndiye nyama sizithawa. Mlendo aliyense amapalasa yekha, onse pamzere ngati ana a bakha. Wotsogolera timamutcha mutu, wotsalira kumbuyo timamutcha mchira. Mutu amasankha njira ndi kuonetsa nyama. Mchira amatola zogwa: wogubuduka, wotopa, wotaya nkhafi, ndi uja wabwera kudzakunong'oneza kuti akufuna kutaya madzi pakati pa mtsinje. Chiyambire ntchitoyi, amuna anga anali mutu, ine mchira.

Motero nkhope yawo ndinkaionera patebulo, koma chimene ndinkachidziwa bwino chinali msana. Phewa lamanja likatsika, ndinkadziwa kuti aona ng'ona. Akapendeketsa mutu, amva mbalame. Akawongoka ngati ameza ndodo, ndiye kuti mlendo wina wawaponda pachilonda ndipo ndidzazimva madzulo.

Malamulo awo sanali ambiri. Mchira sapitirira mutu, ndipo mchira satsutsa mutu pamaso pa alendo. "Pamadzi mawu azikhala amodzi," ankatero. "Anthu akamva mawu awiri, wina amalowera kumanzere, wina kumanja, wachitatu amangogwera m'madzi." Kunyumba ndinkawatsutsa mpaka kukhuta, kuyambira pa mchere wa m'ndiwo mpaka pa sukulu ya ana. Pamadzi ndinali ndisanawatsutsepo ngakhale kamodzi.

Tsiku limenelo unali ulendo woyamba chisiyire mvula. Kupatula bambo wa kamera, tinali ndi mayi wina wofatsa, namwino amene anali patchuthi, komanso mnyamata ndi mtsikana ongokwatirana kumene. Awiriwa anasankha kayaki yachikasu ya anthu awiri, imene amuna anga ankaitcha bwato lothetsa mabanja. M'bwato limenelo wakutsogolo amaona njira koma sangalikhotetse bwino, pamene wakumbuyo ndiye amakhotetsa koma amangoona msana wa mnzake. Anthu amakweramo akuitanana kuti wokondedwa, n'kutsikamo akuitanana ndi mayina onse a pachiphaso. Ifeyo tinali tisanakwerepo limodzi. "Banja langa ndikulifunabe," amuna anga ankatero alendo akafunsa chifukwa.

Akwati athuwo anali atayamba kale.

"Iwe, ukupalasa kapena ukutakasa tiyi?" anatero mtsikanayo, bwato lawo litalowanso m'bango.

"Ndiwe ukukokera kumanja."

"Ndili kutsogolo, ndikokera bwanji? Ukundinyowetsanso kukhosi."

Tsiku lina ndikanaseka. Tsikuli maso anga anali pa msana wa amuna anga, ndipo mutu wanga unali kunyumba. Ndinakumbukira tiyi amene anathira pambali pa kapu n'kunena kuti tebulo n'lopendekeka. Ndinakumbukira foni imene ankangondipatsa kuti, "Tawerenga, ine ndatopa nawo anthuwa." Makiyi a galimoto anali atawapereka kwa mng'ono wawo, mlamu wanga, ati bondo likuwawa poponda. Tsiku lina anapatsa moni mkazi wa neba ndi dzina la mwana wake, mayiyo n'kusangalala sabata yathunthu. Zonsezi ndinaziona chimodzichimodzi, koma ndinali ndisanaziike mumtanga umodzi. Ndinkangoti ndi ukalamba wa mwamuna wofuna kutumikiridwa.

Patsogolo pang'ono, pamchenga, panagona ng'ona yaikulu, kukamwa yasa, ikuothera dzuwa poyera poti ndi mwana yemwe akanaiona. Ndinadikira phewa lamanja. Silinatsike. Anaidutsa akufotokoza za zisa za atchete zimene zimalendewera pabango chaka ndi chaka. Magalasi oonera patali ankangolendewera pachifuwa pawo, osawakweza. Atsekwe atalira kuseri kwa udzu anawatchula asanauluke, ndipo anauza alendo kuti mbalame ina yaing'ono imene inkalira m'tchire inali yaimuna ikuitana mkazi. Zonse za khutu anakhoza. Zonse za maso ankazinena pamtima. Amuna anga ankatiyendetsa pamtsinje wa chaka chatha.

Ndinaganiza zoti ndiwakokere pambali tikakaima pachilumba pamene timadyera chamasana. Koma pakati pa ife ndi chilumbacho panali pokhota pa mvuu.

Mvuu si nyama yosaka anthu. Vuto lake n'lakuti ikadzidzimuka imathamangira kumadzi akuya, ndipo chilichonse chili m'njira chimaona tsoka. Ndiye tikafika pamalo pake timaima chapatali, mutu n'kugogoda m'mbali mwa kayaki ndi nkhafi. Mvuu zikamva zimadzutsa mitu kuti zione. Ukaona pamene zili, umadutsa mbali yosaya, mwakachetechete, osalowa pakati pa izo ndi dziwe lawo. Zaka zonse dziwe linali kumanzere, pansi pa gombe lalitali, ndipo ife tinkadutsa kumanja m'mbali mwa bango. "Madzi saiwala khwawa," amuna anga ankakonda kutero. Chaka chimenecho madzi anali ataiwala. Titangotulukira ndinaona kuti kumanzere madzi ayera ndipo akuchita timafunde pamwamba pa mchenga watsopano, pamene kumanja anali bii, osalala, akuyenda mwaulemu wa madzi akuya.

Amuna anga anakweza nkhafi, tonse tinaima. Anagogoda. Go, go, go. Tinadikira.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," ananong'oneza alendo monga mwa masiku onse.

Kenako phuu! Mvuu inapuma, ina n'kuyankha ndi kubangula kwake kuja. Mawuwo anakamenya gombe lalitali la kumanzere n'kubwerera, moti wongomva ndi khutu akanalumbira kuti achokera kumeneko. Amuna anga anagwedeza mutu mokhutira. Ine ndinkaona timakutu tikupukusa madzi kumanja, m'njira yathu yeniyeni. Yaikazi ina inali payokha pafupi ndi bango, ndipo pambali pake panatuluka kamutu kakang'ono.

"Zili kwawo kwa masiku onse, kumanzere," anatero amuna anga. "Tidutsa kumanja, mzere umodzi, pakamwa potseka. Akwati, mkangano muusiye kaye pano, mudzautenga pobwerera."

Anaviika nkhafi n'kuyamba kupita.

Ndinazengereza. Ndinadziuza kuti mwina aziona, mwina akufuna akhote patsogolo. Munthu ukatsatira msana umodzi kwa zaka zambiri, suukayikira msanga. Ndinali ndi wezulo pakhosi, koma wezulo amatanthauza kuti wina wagwa: onse akanasiya kupalasa n'kucheuka, madzi n'kuwatengera komweko. Ndinaluma mano n'kuyamba kupalasa ndi mphamvu zonse. Podutsa namwino ndinati, "Palasani chobwerera, musasunthe pano." Wa kamera ndinamuuza zomwezo. Akwati anandiyang'ana kukamwa kuli pululu. Ndinadula kutsogolo kwa amuna anga mpaka makayaki athu anagundana.

"Ukutani kuno?" anatero atakukuta mano. "Bwerera kumalo kwako."

"Kumanzere, bambo."

"Kumanzere n'kwakuya. Wapenga?"

"Kunali kwakuya. Mtsinje wasamuka. Zili kumanja, kutsogolo kwanu kwenikweni, ndipo ina ili ndi mwana."

Anayang'ana. Aka kanali koyamba kuona nkhope yawo pafupi tili pamadzi. Maso anali tong'o, koma ankasuntha mutu uku ndi uku ngati munthu wosuzumira pamng'alu wa chitseko. Mvuu ija inali pafupi ngati kuchoka pakhomo la khitchini yathu kukafika pageti, mutu wonse uli pamwamba, ikutiyang'ana dwii. Iwo ankayang'ana pomwepo.

"Pati?" ananong'ona. "Tandiuza, ili pati?"

Ndinamva chisoni choti ndikanatha kulira pomwepo, komanso ukali woti ndikanatha kuwamenya ndi nkhafi. Nthawi ya zonse ziwirizo panalibe. Mvuu inayasamula, mano ali ngati zikhomo, n'kudzuka mpaka msana wonse unaoneka.

"Aliyense kumanzere!" ndinakuwa. "Nditsateni ine, musacheuke!"

Palibe anasuntha. Onse ankayang'ana amuna anga, poti mmawa anali atauzidwa kuti pamadzi amvere munthu mmodzi yekha.

"Mwamva," anatero amuna anga ndi mawu awo aakulu aja. "Tsatirani mayi. Tiyeni!" Kenako motsitsa, kwa ine: "Ndiime pati?"

"Pomwepo. Pingasani bwato, mphuno kumanzere. Ikadza ndikuuzani."

Anapingasa kayaki yawo pakati pa alendo ndi nyama imene sankaiona, n'kuima pomwepo. Ine ndinalowera kumanzere. Pansi pa kayaki panakhula mchenga, madzi ake osafika n'komwe m'maondo, pamalo pamene chaka chatha nsungwi yaitali sinkafika pansi. Namwino anabwera bwinobwino. Wa kamera anabwera kamera ikulendewera, osajambula ngakhale chithunzi chimodzi. Akwati aja anadutsa nkhafi zawo zikukwera ndi kutsika pamodzi ngati akhala m'banja zaka makumi.

Mvuu inathamanga. Madzi anang'ambika pakati.

"Tsopano, bambo! Kwa ine!"

Anatembenuka ndi nkhafi imodzi yokha n'kulunjika mawu anga. Mvuu inaima panjira, n'kupukusa mutu, n'kubwerera kwa mwana wake. Funde lake linawapeza chakumbali, kayaki n'kupendekeka, koma anamenya madzi ndi nkhafi n'kuwongoka osacheuka. Manja awo anali asanaiwale kanthu.

Pachilumba alendo ankayankhula onse nthawi imodzi. Mtsikana uja ankaseka, mutu utatsamira paphewa la mwamuna wake.

"Zimenezi zimachitika tsiku lililonse?" anafunsa.

"Ayi, mwanangu," anatero amuna anga. "Zimenezi timasungira akwati."

Onse anaseka. Ine ndinkangodula buledi. Titanyamukanso, palibe ananena kanthu za malo. Ine ndinakhala kutsogolo, iwo anatsalira kumbuyo, mpaka padoko pamene mlamu wanga ankatidikira ndi galimoto.

Masana amenewo tinatsala awiri m'shedi momwe timasungira makayaki. Iwo ankapachika majekete oyandamitsa pawaya, ine ndikutsuka matope ndi paipi. Ndinawasiya amalize. Kenako ndinatseka madzi n'kukaima patsogolo pawo.

"Zinayamba liti?"

"Ziti?"

"Ndiyang'aneni. Ndikuseka kapena ndikulira?"

Anatembenukira kwa ine. Madzi ankadontha kuchokera m'majekete.

"Mawu akowo akunena kuti wakwiya."

"Sindinafunse makutu anu."

Anakhala pansi pa kayaki yovundikira n'kupukuta manja pathalauzi. "Makutu ako ndikuwaona," anatero. "Tsitsi ndikuliona, khoma ndikuliona, ndowa iyo ndikuiona. Koma pakati, pamene ndikuyang'anapo, pali ngati munthu wadinda chala cha mafuta pagalasi. Linayamba diso lamanzere nthawi yozizira ija. Ndinati lamanja lizigwira ntchito ya awiri. Mvula ili mkati, nalonso linayamba."

"Ndiye munangoti zii."

"Mtsinje ndimaudziwa."

"Mumadziwa mtsinje wa chaka chatha! Mtsikana uja ndi mwana wa eni, ndipo zovala zaukwati sanazibweze n'komwe kwa telala. Mukanakanena chiyani kwa mayi ake? Kuti madzi saiwala khwawa?" Mawu anga ankagunda malata. "Nanga ine? Zaka zonsezi ndakhala ndikupita kulikonse kumene msana wanuwo walowera, osafunsa. Mwandiyendetsa ngati mbuzi yomangidwa kunjinga yopanda mabuleki."

"Ndikanakuuza, ukanatani?"

"Ndikanakuchotsani kutsogolo."

"Ndiye chifukwa chake."

Pamenepo ukali wanga unaphwa pang'ono, chifukwa ankanena zoona. Koma zoona zawozo sizikanasuntha mvuu. Ndinawauza kuti kutsogolo sadzakwerakonso, kaya mawa, kaya mkuja, kaya chaka chamawa, ndipo akakakamira ndikauza mlendo aliyense padoko asanavale jekete.

"Ndiye ndizikhala pampando n'kumaingitsa nkhuku?"

"Mukaziona nkhukuzo."

Mawuwo anandipulumuka, ndipo anali oipa. Iwo anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano. Anavula magalasi oonera patali aja, anafufuza msomali pakhoma ndi chala, n'kuwapachika. Potuluka anagwira kaye mphuthu ya chitseko. Ndinazindikira kuti akhala akuigwira choncho kwa miyezi, ine ndikuganiza kuti akuona ngati chiswe chalowa.

Kuchipatala, dokotala wa maso anawayang'ana ndi makina ake n'kutiuza mosazungulira. Sinali ng'ala yoti n'kuchotsa. Vuto linali mkati, kumbuyo kwa diso. Mankhwala akanatha kuchedwetsa, koma chimene chapita chapita. Zam'mbali aziona ndithu, mwina mpaka kalekale. Amuna anga anathokoza mwaulemu, anafunsa za ana a dokotalayo, ndipo tinabwerera kunyumba.

Ntchito sinaime. Ine ndinakhala mutu, mlamu wanga mchira. Njira ndinkaipeza bwinobwino, ndipo mtsinje watsopanowo ndinauphunzira msanga poti ndinalibe wakale wouumirira. Chimene chinandikanika ndi pakamwa. Mlendo akafunsa kuti chikulira m'tchiremo n'chiyani, ine ndinkati, "Mbalame." Akafunsa kuti yanji, ndinkati, "Yaing'ono." Nthabwala za amuna anga ndikaziyesa zinkatuluka ngati chilengezo cha maliro. Ndinaona anthu akuyasamula pamaso pa njovu. Komanso kutsogolo n'kosungulumwitsa. Ukakweza maso pali madzi okhaokha, popanda msana woti uziukwiyira.

Iwo ankakhala m'shedi. Ankasoka majekete mongofufuza ndi zala, kumata makayaki osabooka, kusesa posesa kale. Tikabwerako sankafunsa kuti taona chiyani. Patebulo ankadya pang'ono, ndipo ndikawaputa dala pa nkhani ya mchere ankangoti, "Uli bwino." Mwamuna amene wakhala akudandaula za mchere chikwatirane akayamba kunena kuti uli bwino, mkazi umayamba kuopa. Ndinaopa kuti ndawapulumutsa ku mvuu kuti adzafotere m'shedi. Komabe sindinabweze mawu anga, ndipo iwo sanandipemphe.

Mmawa wina ndinatsogola kupita kudoko ndi alendo, asanu a kampani ina ya inshulansi amene abwana awo anawatumiza kuti akaphunzire kugwirizana. Ndinkawaonetsa kagwiridwe ka nkhafi pamene mlamu anafika ndi galimoto. Pangolo, pamwamba pa makayaki enawo, panali bwato lachikasu lija.

"Alamu, mwanyamuliranji ilo?" ndinafunsa. "Lero palibe akwati."

Mlamu anangoloza ndi chibwano. Chitseko cha mbali inayo chinatseguka, amuna anga n'kutsika atavala kale jekete, chipewa chawo chakale chili kumutu.

"Alipo," anatero. "Okalamba."

Analitsitsa ndi mng'ono wawo, analikokera m'madzi, n'kukhala pampando wakumbuyo. Anazika nkhafi mumchenga kuti bwato lisagwedezeke, monga timachitira ndi mlendo wamantha, n'kudikira. M'manja mwina anali atagwira magalasi oonera patali aja. Sanawapereke ndi mawu. Anangowatambasulira kumene kunali mawu anga.

Ndinawalandira n'kuwakoleka m'khosi. Chingwe chake chinali chitatalika, cha pachifuwa cha munthu wina.

"Likathetsa banjali," ndinatero ndikukwera, "nyumba ndi yanga."

"Tenga. Denga lake likudontha."

Tinayamba moipa, ndisaname. Ine ndinazolowera kukhotetsa ndekha, iwo anazolowera kupalasa pa liwiro lawo. Nkhafi zathu zinkagundana m'mwamba, madzi akundithira kukhosi, ndipo tisanapite patali mphuno ya bwato inali m'bango, a inshulansi akuseka kumbuyo.

"Kodi mukupalasa kapena mukutakasa tiyi?" ndinatero osacheuka.

"Ndiwe ukukokera kumanja."

"Ndili kutsogolo, ndikokera bwanji?"

Anaseka, kuseka kwenikweni kochokera m'mimba, mpaka bwato linagwedezeka. Ndinaviika nkhafi kumanzere, yawo inatsatira. Kumanja, inatsatira. Nsonga za nkhafi yanga zinkakwera m'mbali, uku ndi uku, kumene maso awo ankaonabe. Bwato linawongoka. Posakhalitsa anapendeketsa mutu, ndinamva ndi kugwedezeka kwa mpando, n'kuyamba kuuza a inshulansi za mbalame yaimuna ija imene yakhala ikuitana mkazi chiyambire chaka, mkaziyo osayankha poti anamva kuti ilibe nyumba.

Tinafika pagombe logumuka lija. Udzu unali utayamba kumera pa dothi lofiira. Kumbuyo kwanga ndinamva akukonza kukhosi, monga ankachitira pamalo amenewa zaka zonse.

"Kwezani maso ku..." anayamba, n'kulekeza.

Nkhafi yawo inaima m'mwamba, madzi akudontha. Kenako kwinakwake nkhwazi inalira, mawu ake n'kudzaza mtsinje wonse moti sukanadziwa kumene achokera. Chala cha phazi lawo chinagogoda kumbuyo kwa mpando wanga.

"A Mutu," anatero mokweza kuti onse amve, "mwini mtsinje ndamumva. Tatiuzani, wasamukira pati?"

Ndinafufuza ndi maso. Inali tsidya linalo, kumanja, pansonga ya mkuyu, chifuwa chili mbee padzuwa. Ndinakweza nkhafi n'kuloza. Ndisanaitsitse, mphuno ya bwato inali itayamba kale kukhotera komweko.